Mmene Ndidakagwadira a Ndege

Ine cholinga changa chidali chabwino, anzanga, chimenecho chokha mundivomereze musanayambe kuseka. Ndinkafuna kukatenga mlamu wanga kuti mayi ake amuone asanamwalire, basi. Pali choipa pamenepo? Koma onani mmene zidathera, lero ndine nkhalamba yotsala mano awiri, tiana tadzulodzuloti tikandiona timakuwa kuti "A Ndege! A Ndege!" ndipo dzina langa laubatizo la Sitefano lidatsalira m'tchalitchi mokha.

Idali nthawi ya nkhondo yoyamba ija ya azungu, amuna akugwidwa m'midzi kuti akakhale atengatenga, osenza katundu wa asilikali. Ine ndidali mkamwini kuno ku Lobi, ndipo chuma changa chidali chimodzi chokha, miyendo. Mbuzi ndidalibe, nkhokwe yanga inkangokhala ngati dengu, koma kuthamanga, ee! Amesenjala a boma akangotulukira ndi zingwe zawo kuseri kwa chitunda icho, ine ndidali nditafika kale m'mapanga kumtunda uko, ndikuwaonera pansi. Adandisaka kangapo konse osandigwira. Amene adamugwira ndi mlamu wanga Matiyasi, mlongo wake wa mkazi wanga Nabanda, munthu wofatsa woyenda ngati akuwerenga mapazi. Adamupeza kudimba akuthirira mpiru, adapita osatsanzika.

Kuyambira tsiku limenelo apongozi anga aakazi, a Naphiri, adayamba kufota. Chifuwa chidawalowa, chakudya ankangochiyang'ana. Paja mwambo wathu mkamwini ndi apongozi aakazi sayang'anizana, mukakumana panjira wina amapatukira kutchire, mawu onse amadzera mwa mkazi. Ndiye zonena zawo zinkandifika kudzera mwa Nabanda, atazichotsako kale minga, koma zinkabayabe. Ndinkadziwa zimene zidali mumtima mwawo: bwanji adanditengera mwana wanga n'kusiya chimkamwini chothawathawachi? Zinkandipweteka, sindikubisirani.

Tsiku lina, nyengo yotentha ija mvula ili pafupi, pamudzi padafika msilikali wotsimphina, wovulala, akupita kwa abale ake. Ine nditangoona chipewa chofiira ndidaliyatsa liwiro mwachizolowezi, Nabanda ndiye adandikuwira kuti bwererani, munthuyu akungopempha madzi akumwa. Chinyanja chake chidali chosakanikirana ndi Chiswahili cha kunkhondo, koma tinkamvana. Atamva kuti pano ndi ku Lobi adatsitsa chikho.

"Matiyasi wa ku Lobi ndi wa pano? Ndidamuona ine. Ali ku Songeya, m'dziko la Ajeremani, mu hema wa odwala pafupi ndi bwalo la ndege. Miyendo yatupa, koma ali moyo."

Kuseri kwa mpanda kudamveka kulira. Apongozi ankamvetsera.

"Ku Songeyako ndi kutali bwanji?" ndidafunsa ine.

"Kuchokera kuti?"

"Tinene kuchokera ku Mangochi." Ndidatchula ku Mangochi chifukwa ndidapitako kamodzi ndi amalume kukagula nsomba zouma, njira ndinkaidziwa.

"Aa, ku Mangochi kulinso bwalo la ndege," adatero msilikali uja. "Ndege ikanyamuka pamenepo m'mawa nkhuku zikutsika, dzuwa lisanafike pamutu yafika kale pabwalo la ku Songeya."

Tsono apa mundimvetse bwino, chifukwa tsoka langa lonse lagona pamenepa. Ife mtunda timauyeza ndi dzuwa. Ukafunsa kuti kuboma la Dedza ndi kutali bwanji, munthu amakweza mkono n'kukulozera pamene dzuwa lidzakhale ukamafika. Kuchoka kuno m'mawa, kuboma umafika litapendeka. Ndiye nditamva kuti lisanafike n'pamutu pomwe, mtima udati phaa, kani ndi pafupi kuposa kuboma! Chachiwiri, mawu akuti ndege ndidali ndisanawamvepo chibadwire. M'Chiswahili chake chija ndege ndi mbalame, ndiye mwini wake ankaona ngati wafotokoza zonse. Ine ndidamva kuti bwalo la Ndege, ndipo munthu wokhala ndi bwalo ndi ndani ngati si mfumu? Ngakhale pamene ankati "ikanyamuka," "yafika," sindidadabwe, paja mfumu nayonso timati yanyamuka, yafika.

"Imadzera njira iti?" ndidafunsa.

"Kumwamba," adatero, akuloza ndi mlomo cha kuphiri.

Ndidagwedeza mutu. Njira ya m'zitunda, munthu wodziwa kuyenda ameneyo, ngati ife akumtunda.

"Nanga mitsinje?"

"Ilibe nayo ntchito mitsinje."

"Imayenda yokha?"

"Imanyamula mzungu. Nthawi zina awiri."

Ndidagwira pakamwa. Azungu awiri kumsana!

"Kodi imadya chiyani kuti ikhale ndi mphamvu zoterezi?"

"Siidya. Imangomwa mafuta."

Munthu wanzeru akadaima pamenepo n'kufunsa bwinobwino. Ine ayi, chidandigwira ndi nsanje. Ndani ameneyu wotchuka ndi miyendo mpaka kunkhondo, ine ndili pano? Ngati iye amafika dzuwa lisanakwere atabereka azungu awiri, nanga ine wopanda katundu? Ndikafika ndi mame kumapazi! Msilikali uja adamwa madzi ake, adathokoza, adatsimphina kumapita, ine ndili kale paulendo m'mutu mwanga.

"Bambo," adatero Nabanda, "munthu womwa mafuta ndi munthu wanji? Tamuthamangirani mukamufunsenso."

"Nabanda, za maulendo tisiyireni amuna."

Mawu amenewo amandibwererabe mpaka lero ndikamatafuna.

M'mawa mwake ndikumanga kamba wanga, ndidangoona mthunzi patsogolo panga. Kudzutsa mutu, apongozi! Aima chiriri, akundiyang'ana m'maso, chinthu chimene sichidachitikepo chikwatire mwana wawo. M'manja adanyamula tambala wawo wofiira, mmodzi yekhayo amene adali naye.

"Akamwini," adatero, "musakafike kwa mfumuyo chimanjamanja. Mukawapatse a Ndegewo uyu, akakulozereni njira. Mukanditengere mwana wanga ndimuone."

Anzanga, ndidamva ngati ndatalika. Ine amene ndinkadutsa kuseri kwa nkhokwe, lero akunditchula pamaso! Ndidalandira tambala ndi manja awiri, pakamwa n'kutseguka pokha.

"Amayi, musade nkhawa. Mvula isanagwe mudzationa awiri tikutsika chitunda icho, dzuwa lili pamutu."

Zoti dzuwa lili pamutuzo ndidaziwonjezeranji, sindikudziwa. Zinkangomveka bwino.

Ndidauyamba. Ndidalambalala kuboma kuopa amesenjala, ndidazungulira Phiri la Dedza, kenaka n'kutsetserekera kuchigwa kumene mphepo yathu yozizira imathera. Kutentha kwake! Tambala ali m'khwapa, wefuwefu, ine ndikumugawira kamba wanga kuti asakafike kwa mfumu ataonda. Anthu akandifunsa kolowera ndinkayankha modzitama kuti ndikupita kwa a Ndege. Ambiri ankangondiyang'ana. Bambo wina yekha, amene adaoneka kuti wayendako, adaima n'kundifunsa kuti, "Mukukakwera?"

"Ine? Kukwera pamsana pa mwamuna mnzanga? Ndili ndi miyendo yanga, bambo!"

Adandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kwa tambala, adatsegula pakamwa, adatsekanso, n'kumapita. Mulungu amukhululukire munthu ameneyo, akadandipulumutsa ndi mawu awiri okha.

Nditafika ku Mangochi sindidavutike, aliyense ankalidziwa bwalolo. Koma bwalo lake, ha! Lalitali ngati minda ya mudzi wonse, losalazidwa bwino, lopanda ngakhale mtengo umodzi woti akuluakulu akhale pamthunzi. Ndidati mfumu imeneyi milandu yake imaweruzira padzuwa, n'chifukwa chake anthu amaiopa. Chakumbali kudali chisakasa chachikulu ndi mahema, ndipo pakhomo padakhala kapitawo wa atengatenga, wamfupi, wandevu, chikoti chili pamiyendo, anzake atamuzungulira. Ine, munthu amene ndidatha nkhondo yonse ndikuthawa anthu amenewa, ndidapita ndekha n'kukanjuta patsogolo pawo.

"Odi, bambo. Ndabwera kudzaonana ndi a Ndege."

"A ndani?"

"A Ndege, eni bwalo lino. Ndachokera ku Lobi, ndawatengera kanthu."

Kapitawo uja adayang'ana tambala, adayang'ana anzake, adaluma mlomo wam'munsi.

"Oo, a Ndege! Atuluka pang'ono, abwera posachedwapa. Tambalayo ndipatseni ine, ndine nduna yawo."

"Pepani, ndatumidwa kuti ndiwapatse m'manja."

"Chabwino, chabwino. Ndiye kagwadeni pakatikati apo kuti akamabwera akuoneni msanga. Ndipo muombe m'manja mwamphamvu, ndi ogontha pang'ono."

Ndidathokoza. Ndidathokoza, anzanga! Ndidapita pakati pa bwalo, ndidagwada, tambala ndidamupana ndi mawondo, n'kuyamba kukonza mawu m'mutu. Ndidati ndiyamba ndi moni, kenaka nkhani ya Matiyasi, ndipo tikazolowerana ndidzawapempha kuti tiyesane liwiro, mwaulemu ndithu. Kumbuyo ndinkamva anthu akutsokomola modabwitsa, ndidati ndi fumbi.

Kenaka kudayamba kulira kanthu. Poyamba ngati njuchi zikusamuka, ndidawerama kuti zidutse. Sizidadutse. Kulira kudakula, kudasanduka bingu, koma kumwamba kuli mbee, kopanda ndi kamtambo komwe. Kutukula maso, mayo ine! Chimbalame chachikulu kuposa nyumba, mapiko anayi osakupiza, chikutsika molunjika pamene ndagwada ine, kumphuno kwake kukuzungulira chinthu. Ndidaomba m'manja kamodzi, sindikudziwa chifukwa chake, kenaka miyendo idaganiza yokha.

Ndidathamanga. Koma m'malo mopatukira kumbali, ndidathamanga molunjika kutsogolo kwake monga imachitira nkhuku pamsewu, bwalo lonse lija m'litali mwake, icho chili pambuyo panga chikubangula. Tambala ndiye yekha adachita zanzeru, adaulukira kumbali. Ine ndikuitana oyera mtima onse amene aphunzitsi adatiphunzitsa, ena ndikuwapeka ndekha. Chimphepo chidandiomba, nsalu yanga idamasuka n'kupita kwake, ndipo kumapeto kwa bwalo ndidagwera m'ngalande chamutu. Nditadzuka ndidali mmene adandibalira amayi, ndipo madzi amene ankatsika m'miyendo mwanga sadali thukuta.

Chinthu chija chidakhotera kumbali, chidatsokomola, chidaima. M'mimba mwake mudatuluka mzungu wa maso aakulu agalasi ngati a chule, akubwera kwa ine akukalipa, nkhope ili psuu. Mukuganiza kuti apa ndidazindikira? Ayi ndithu. Ndidati eya, a Ndege aja ndi awa, icho ndi machila awo. Tsono vuto lidali lakuti kuomba m'manja kumafuna manja awiri, kubisa maliseche kumafunanso manja awiri. Ndidasankha ulemu.

"Zikomo, a Ndege! Ndachokera ku Lobi, tambala wanu wathawa koma timugwira!"

Kapitawo adagwa pansi. Anzake ena adagwirana, wina ankalira misozi yeniyeni.

"Iwe," adatero atapezako mpweya, "uyu ndi mzungu chabe. Ndege ndi icho!"

Ndidayang'ana icho. Mapiko. Kumwamba. Mitsinje ilibe nayo ntchito. Imangomwa mafuta. Mawu onse a msilikali uja adabwerera limodzilimodzi n'kukhala m'malo mwake, ndipo ndidalakalaka ngalande ija ikadangondikwirira.

Mzungu adasiya kukalipa, adayang'ana kutalika kwa bwalo, adayang'ana miyendo yanga, adanena kanthu m'chinenero chake.

"Akufunsa," adamasulira kapitawo, "kuti munthu wothamanga chonchi wakhala akubisala kuti nkhondo yonseyi?"

Ndipo ine, chitsiru cha munthu, ndidamva kukoma kuti mzungu wayamikira liwiro langa.

"Ku Lobi, bwana. M'mapanga."

Dzuwa lisanalowe ndidali ndi kachitsulo ka nambala m'khosi, ndili mumzere wa atengatenga. Amesenjala adandilephera ndi zingwe zawo, ine ndidadzibweretsa ndekha, ndi mphatso yomwe. Tambala wa apongozi adamugwira, adamudya kapitawo ndi anzake ine ndikuona. Atamaliza adandiponyera chipalapasiro chimodzi.

"Idyani, a Ndege, muwonjezere liwiro."

Dzina lidayambira pamenepo. Ndipo chipalapasirocho ndidadya, njala idali itandipha.

M'mawa adatigawira katundu. Langa lidali bokosi la zitini, lolemera, lonunkha mpaka kuwawa m'maso. Ndidafunsa kuti muli chiyani, adati mafuta a ndege. Ndiye kuti ine amene ndidabwera kudzayesana nawo liwiro, ndidasanduka wowanyamulira chakumwa.

"Tikupita nazo kuti?"

"Ku Songeya."

Mukudziwa kuti ndidasangalala? Ndidati Mulungu ngwamkulu, ndi komwe ndikufuna! Ndidali nditamvetsa tsopano kuti ndege ndi youluka, koma mutu wanga udakanirirabe pa dzuwa lija. Ndinkati mbalame ikafika dzuwa lisanakwere, munthu wamiyendo ngati yanga agona panjira kamodzi, kapena kawiri chifukwa cha bokosili. Mvula idali isanagwe. Ndinkaona kuti lonjezo langa likadali moyo.

Apa ndiye kuseka kumandithera, anzanga.

Tidayenda. Tidadzera kuseri kwa nyanja, m'dziko la Apwitikizi, m'nkhalango zopanda midzi, anthu ake atathawa kale. Mwezi udaoneka, udakula, udafa, udaonekanso, ife tikuyendabe. Mvula yoyamba idatipeza panjira, ndipo fungo la dothi litandifika m'mphuno ndidalira ngati mwana, chifukwa ndidadziwa kuti kwathu akubzala, ndipo mayi wina wayang'ana kuchitunda osaona munthu. Mapazi adang'ambika. Pamutu pamene pankakhala bokosi tsitsi lidathothoka, mpaka lero silidamerenso, gwirani apa muone. Chakudya chidali kaufa kapamanja, nthawi zina mpunga wosapsa, ndipo m'mimba mudayamba kutsegula anthu. Wina ukagona naye pafupi, m'mawa umamugwedeza osadzuka, katundu wake n'kugawira otsala.

Ndipo ndege ija inkatidutsa. M'mawa timve kulira kwake, iyo ili pamwamba pathu kang'onong'ono ngati kamtema, ikupita ku Songeya. Tsiku linzake timve ikubwerera, ife tikadali pamtsinje womwe uja, tikufunafuna powolokera, madzi ali m'khosi, mafuta ake ali pamutu panga. Ndinkaiyang'ana mpaka khosi kuwawa. Ndinkaitukwana, kenaka n'kuipempha, ngati kuti ikundimva.

Kapitawo uja tidali naye. Tsiku lililonse dzuwa likafika pamutu ankaima n'kutembenuka.

"A Ndege! Dzuwa lili pamutu. Tafika?"

Masiku oyamba mzere wonse unkaseka, ine ndikumeza mkwiyo. Kenaka anthu adatha mphamvu zosekera, koma iye ankafunsabe, ndipo ine ndidayamba kumuyankha kuti, "Tatsala pang'ono, bambo, kuseri kwa phiri ilo." Naye matenda adamugwira, ndevu zija zidatsala pa mafupa, chikoti adachitaya. Ankafunsa monong'ona. Tsiku lina dzuwa lidafika pamutu popanda wondifunsa, chifukwa tidamusiya m'mawa pansi pa mtengo titamufunditsa masamba. Munthu amene adadya tambala wa apongozi anga, amene adandigwaditsa pabwalo, ndidamulira. Mtima wa munthu sumveka.

Tidafika ku Songeya chimanga cha eni dziko chitayamba kale ngaiyaye. Bwalo lake lidali chimodzimodzi lija la ku Mangochi, lalitali, lopanda mtengo, ngati kuti ndangozungulira n'kubwerera pomwe ndidagwada. Ndidatula bokosi, ndidakwawira ku hema wa odwala. Panja padali bambo wina akuchapa nsanza, ndipo nditamva kalankhulidwe kake ndidadziwa kuti ndi wa kwathu kuno kumapiri.

"Ndikufuna Matiyasi wa ku Lobi. Wotupa miyendo. Ndine mlamu wake, ndabwera kudzamutenga."

"Kudzamutenga? Kuchokera ku Lobi?" Adasiya kuchapa. "Bambo, Matiyasi adapita kalekale. Odwala onse a nthawi imeneyo adawatsitsira kunyanja, adawakweza sitima kubwerera kwawo. Mvula idali isanayambe."

Ndidakhala pansi m'matope momwemo n'kuyamba kuseka. Ndidaseka mpaka anthu adatuluka m'mahema kudzaona wamisala. Paja msilikali uja adayenda nthawi yaitali ndi mwendo wake wovulala asanafike kwathu, nkhani yake idali yakale pamene ankatiuza. Ine ndikugwada pabwalo la ku Mangochi, mwina mlamu wanga adali m'sitima panyanja pomwepo.

Ndidapempha kuti andilole ndibwerere, popeza chimene ndidadzera palibe. Adandiseka. Ndidafika mpaka popempha kuti ndege indikweze, ndi mmene ndaonderamu siimva n'kulemera komwe, ndipo tambala idalandira kale. Adandipatsa bokosi lina. Ndidasenza mabokosi mpaka nkhondo idatha, chimanga cha kwathu chidabzalidwa, chidakololedwa, china chidabzalidwanso, ine kulibe.

Pobwerera ndidakwera chitunda chathu icho kukadali m'mawa, mame asanaume. Mudzi uli pansi apo, utsi ukufuka, ndikadangotsetsereka. Koma uchitsiru sudandithere. Ndidati mvula isanagwe ndalephera, awiri ndalephera, tambala ndalephera, koma chimodzi chokha ndikwanitsa: nditsika dzuwa lili pamutu monga ndidanenera. Ndiye ndidakhala kuseri kwa mwala, munthu wamkulu, mafupa okhaokha, ndikudikira mthunzi wanga ulowe pansi pa mapazi, ndikukonza mawu oti ndikawauze apongozi kuti mwaona amayi, nthawi yokha ndasunga.

Mthunzi utalowa ndidaimirira n'kuyamba kutsika. Ndili pakati pa chitunda ndidayang'ana pamene padali nyumba ya apongozi. Padalibe nyumba. Padali mulu wadothi, maungu atayangapo. Paja kwathu mwini nyumba akamwalira, nyumba amaigwetsa.

Ndidatsika pang'onopang'ono, ine wa miyendo yotchuka ija. Ndidafika pamudzi ngati nkhalamba. Woyamba kundiona adali Matiyasi, atakhala pamthunzi akusema mpini, wonenepa bwino kuposa ine. Adaponya kasemasema, adakuwa, ndipo Nabanda adatuluka ndi lichero, lidamugwa, nyemba mbwee pabwalo ponse.

Titalira, titakhala pansi, ndidafunsa chimene ndinkaopa kufunsa.

"Amayi adamuona Matiyasi?"

"Adamuona," adatero Nabanda. "Adafika mvula isanagwe, monga mudanenera. Kungoti adatsika yekha."

Adandiuza kuti apongozi adatsitsimuka, adayambanso kudya, ankamugwiragwira mwana wawo kumaso ngati khanda. Kenaka Matiyasi adafunsa kuti alamu ali kuti, ndipo adamuuza kuti apita kwa mfumu Ndege ndi tambala, kukafunsa njira yachidule ya ku Songeya. Akuti apo Matiyasi adawafotokozera chimene ndege ili.

"Amayi adaseka," adatero Nabanda. "Chigwidwire Matiyasi ndidali ndisanawamve akuseka. Adaseka mpaka chifuwa chidawatsamwitsa. Atatha adati, ndiye ndamutumiza ndine mwana wa eni, ndi tambala wanga yemwe."

Kuyambira tsiku limenelo, akuti, dzuwa likamayandikira pamutu ankauza Nabanda kuti awayalire mphasa pakhonde, n'kukhala atayang'ana kuchitunda mpaka litapendeka. Mwana wawo ali pambali pawo, iwo akudikira ine, chimkamwini chothawathawa chija. Adachita zimenezo dzinja lonse, mpaka nyengo yozizira itafika chifuwa chidawatenga. Ndipo ine ndidataya m'mawa wathunthu kuseri kwa mwala, kusungira nthawi munthu amene adagona kale kumanda.

"Adasiya mawu anu," adatero Nabanda, akupukuta m'maso koma akuoneka ngati afuna kuseka. "Adati akadzabwera musadzamukalipire. Mudzangomufunsa ngati a Ndege adakondwera naye tambala uja."

Ndidayang'ana mulu wadothi uja, maungu ali phee padzuwa. Ndidagwada, ndidaomba m'manja, ulendo uno nsalu ili m'chiuno.

"Adakondwera naye, amayi. Inenso adandigawirako chipalapasiro."

Ndiye sekani tsopano, ndakulolani. Masiku ano ndege zimadutsa pamwamba pa Phiri la Dedza ngati akhwangwala, ndipo mdzukulu wanga wina wophunzira adandiuza kuti kuchoka bwalo lina kukafika lina, kutali kuposa ku Songeya, munthu amangomwa tiyi n'kutsika. Ndidamuyankha kuti uzikauza anzako zimenezo. Ine chichokere ulendo umenewo ndidalumbira, munthu akandiuza kuti kwakutikwakuti ndi pafupi, amafikako dzuwa lisanakwere, sindimanga kamba, sindigwira tambala wa munthu. Ndimayamba ndamuzungulira kaye, ndione ngati kumsana kwake kuli mapiko.